Moyo wa mu Mpanda: Mbiri ya Sisitere Thérèse wa ku Lisieux

M'chaka cha 1897, m'nyumba ya masisitere a chipani cha Karmeli mu mzinda wa Lisieux ku France, sisitere wina wachitsikana adali gone, akudwala chifuwa chachikulu, ndipo anzake onse adaona kuti masiku ake atha. Tsono chipani chimenechi chidali ndi mwambo wakuti sisitere akamwalira, mayi wamkulu wa nyumbayo ankalemba kalata yofotokoza mbiri ya malemuyo, naitumiza ku nyumba zina za Karmeli kuti akampempherere. Pokumbukira mwambo umenewu, sisitere wina adauza anzake kuti mayi wamkulu adzavutika kupeza cholemba, pakuti wodwalayo, ngakhale adali munthu wabwino, sadachitepo kanthu koti munthu n'kusimba.

Potsata zimene maso amaona, mawu amenewa sadali bodza. Wodwalayo sadaphunzitsepo ana pa sukulu, sadasamalepo odwala m'chipatala, sadapitepo kudziko lachilendo kukalalika. Adalowa mu mpanda wa nyumbayo ali ndi zaka 15, ndipo sadatulukemonso kufikira adamwalira ali ndi zaka 24. Dzina lake lidali Thérèse Martin, yemwe Akatolika amamtcha Tereza Woyera wa Mwana Yesu.

Funso limene lidabisala m'mawu a sisitere uja likadalipo, ndipo amalifunsa ngakhale akhristu amene. Sisitere wophunzitsa ndi sisitere wogwira ntchito m'chipatala, phindu lawo aliyense amaliona. Nanga mwana wamkazi amene wasiya makolo ndi abale, wakana banja ndi mbumba, nakadzitsekera m'nyumba kuti azipemphera mpaka imfa, ameneyo akuthandiza yani? Mbiri ya Thérèse ndi imodzi mwa mbiri zimene zingathandize omvera kuliganizira funso limeneli.

Thérèse adabadwa pa 2 Januwale 1873 mu mzinda wa Alençon. Bambo ake, a Louis Martin, ankakonza mawotchi, ndipo mayi ake, a Zélie, adali ndi malonda a nsalu zoluka ndi manja. Banjali lidabala ana 9, koma anayi adamwalira akadali aang'ono. Adatsala ana aakazi asanu, Thérèse ndiye adali chitsirizira. Mu Ogasiti 1877 mayi ake adamwalira ndi khansa ya m'mawere, mwanayo ali ndi zaka 4 zokha, ndipo bambo adasamukira ku Lisieux pamodzi ndi ana awo kuti akakhale pafupi ndi achibale a malemu akazi awo.

Imfa ya mayi idamsintha mwanayo. Adasanduka wamanyazi ndi wolira msanga, wosati n'kumkhudza. Adasankha mkulu wake Pauline kuti akhale ngati mayi wake wachiwiri, koma m'chaka cha 1882 Pauline adalowa ku Karmeli, ndipo Thérèse adadwala matenda amene adasautsa banja lonse kufikira mu Meyi 1883. Mu 1886 mkulu wake winanso, Marie, adatsata Pauline. Motero anthu akadatha kunena kuti mtsikanayu ankafuna kupita ku Karmeli kuti akapeze akulu ake chabe. Iye mwini adafotokoza mwina. Adati usiku wa Khirisimasi wa 1886 adalandira mphamvu yoleka kudzimvera chisoni, nayamba kuganizira ena. Chaka chotsatira adamva za Henri Pranzini, munthu amene adamgamula kuti aphedwe chifukwa chopha anthu atatu ku Paris, amenenso ankakana kulapa. Thérèse adampempherera kolimba, ndipo atawerenga mu nyuzipepala kuti pa mphindi yotsiriza munthuyo adapsompsona mtanda, adakhulupirira kuti pemphero lingathe kumfika munthu amene sungamfike ndi miyendo. Chikhulupiriro chimenechi ndicho chidakhala muzu wa moyo wake wonse.

Kulowa ku Karmeli sikudali kwapafupi. Bambo ake adavomera, ngakhale kuti uyu ndiye adali mwana wawo wapamtima, koma wansembe woyang'anira nyumbayo adakana, nati adikire akwanitse zaka 21. Thérèse adapita kwa Episikopi Hugonin ku Bayeux, atamanga tsitsi lake ngati la munthu wamkulu kuti asaoneke mwana, koma sadalandire yankho. Mu Novembala 1887 adapita ku Roma ndi bambo ake pa ulendo wa amwendamnjira, ndipo pa 20 mwezi womwewo adagwada pamaso pa Papa Leo XIII. Adawaletsa onse kulankhula, koma iye adalankhula, napempha chilolezo. Papa adamuuza kuti amvere zimene akuluakulu adzagamula, ndi kuti adzalowa ngati Mulungu afuna. Mtsikanayo sadafune kuchoka, kotero kuti asilikali a Papa adachita kumnyamula. Ulendowu udamphunzitsanso china: atakhala pafupifupi mwezi wathunthu pakati pa ansembe ambiri, adaona kuti nawonso ndi anthu ofooka, ofunika kuwapempherera. Potsiriza Episikopi adalola, ndipo pa 9 Epulo 1888 chitseko cha Karmeli chidatsekeka kumbuyo kwake.

Akale adati walira mvula walira matope. Nyumba ya Karmeli ya ku Lisieux, imene idatsegulidwa mu 1838, inkatsata malamulo amene Teresa Woyera wa ku Ávila adakonzanso ku Spain kuyambira mu 1562, ndipo malamulowo adali okhwima. Pamene Thérèse ankalowa, m'nyumbamo mudali masisitere 26, ambiri a iwo achikulire. Belu loyamba linkalira isanakwane 5 koloko mmawa m'nyengo yotentha, ndipo ankakagona itapitirira 10 koloko usiku. Maola oposa 6 pa tsiku adali a mapemphero: Misa, masalimo oimba pamodzi, ndi maola awiri osinkhasinkha mwakachetechete. Pafupifupi maola 5 adali a ntchito zamanja. Kucheza kunkaloledwa kawiri kokha pa tsiku, ola limodzi atadya masana ndi lina atadya madzulo. Nthawi ina yonse kudali zii. Nyama sankadya, kupatula odwala, ndipo ankasala zakudya kuyambira pa 14 Sepitembala mpaka Pasaka. Sisitere aliyense adali ndi kachipinda kake, momwe mudali matiresi a udzu, ndipo m'dziko limene madzi amaundana m'nyengo yachisanu, moto wootha unkapezeka m'chipinda chochezera chokha. Thérèse adaulula pambuyo pake kuti mwa masautso onse a thupi, chisanu ndicho chidamzunza koposa. Abale akabwera kudzacheza, ankalankhulana nawo kudzera pa zitsulo zolukanalukana, osagwirana ngakhale chanza.

Ntchito zake zidali zosesa, kuchapa, kukonza malo odyera, kusamala ziwiya za Misa ndi kuthandiza pa chipata. Pa ntchito zamanja sadali wochangamuka kwenikweni, ndipo mayi wamkulu, Marie de Gonzague, ankamdzudzula kawirikawiri, posafuna kuti mwanayo aleredwe mwachisasati. Akulu ake awiri adali momwemo, koma iye adadziletsa kuthamangira kwa iwo, pozindikira kuti sadabwere kudzapitiriza moyo wa kwawo. Adavala mkanjo wa chipanichi pa 10 Januwale 1889, nachita malumbiro a umphawi, kudzisunga ndi kumvera pa 8 Sepitembala 1890. Atamfunsa chimene adadzera, adayankha kuti adadzera kupulumutsa mizimu, makamaka kupempherera ansembe.

Mtengo weniweni wa moyo wa mu mpanda udaoneka pa matenda a bambo ake. Patangopita mwezi umodzi chivalire mkanjo, a Louis Martin adasokonezeka mutu, ndipo mu Febuluwale 1889 adawatengera ku chipatala cha Bon Sauveur mu mzinda wa Caen, kumene adakhalako zaka zitatu. Anthu a mu mzinda adayamba kunong'onezana kuti mkuluyo wapenga chifukwa ana ake amthawa, makamaka wamng'onoyo. Manong'onong'o amenewa adamfika Thérèse. Sakadatha kutuluka kuti akawaone, kuwasambitsa kapena kuwadyetsa, monga momwe mwana aliyense angafunire. Ntchito imeneyo idagwera akulu ake Céline ndi Léonie, amene adali akadali kunja. Bambowo adamwalira mu Julayi 1894, iye osakhalapo pa maliro. Aliyense wofuna kuyamikira moyo wa masisitere otere ayenera kuyamba wayang'ana chilonda chimenechi, pakuti nsembe yawo simagwera iwo okha, imagweranso abale awo.

Nanga m'zaka zonsezo Thérèse ankachita chiyani chimene anzake sadachione? Iye adawerenga mbiri za oyera amene adachita zazikulu, naona kuti sangafanane nawo. Ngakhale pa pemphero penipeni adali wofooka: kwa zaka zambiri ankaodzera pa nthawi yosinkhasinkha, ndipo kunena korona kunkamvuta. Mmalo motaya mtima, adaganiza kuti ngati Mulungu ndi Tate, ndiye kuti kuchepa kwa mwana si chopinga, koma ndi chifukwa chomunyamulira. Adayerekeza maganizo amenewa ndi chikepe, chimene pa masiku amenewo chidali chitangoyamba kupezeka m'nyumba za anthu olemera: wosatha kukwera makwerero amangolowamo, nichimkweza. Mbali yake ya munthu ndiyo kukhulupirira ndi kuchita tinthu tating'ono ta tsiku ndi tsiku ndi chikondi chonse. Chiphunzitso chimenechi ndicho chimatchedwa njira yaing'ono.

Dzinali lisanyenge munthu kuti njirayo ndi yofewa. M'nyumba ya anthu osakwana 30, amene sadasankhane ndipo sangathawane, chikondi chimayesedwa ndi tinthu timene kunja munthu angatilambalale. Kudali sisitere wina wokalamba ndi wopuwala, wovuta kumkondweretsa, amene ankafunika kumgwira lamba kumbuyo pomperekeza kukadya madzulo. Akamyendetsa msanga ankadandaula kuti agwa, akamyendetsa pang'onopang'ono ankadandaula kuti amtaya. Thérèse adadzipereka yekha pa ntchitoyo, ndipo akamkhazika ankamdulira buledi, namsekerera asanachoke. Kochapira, mnzake wina ankamthira madzi akuda kumaso mosadziwa, iye osapukuta moonetsera kuti mnzakeyo achite manyazi. M'tchalitchi, wina wokhala kumbuyo kwake ankachita kaphokoso kosalekeza, ndipo iye, thukuta lili kamukamu chifukwa chodziletsa, sadacheuke. Padalinso sisitere wina amene zochita zake zonse zinkamnyansa; ameneyo ndiye adamchitira zabwino koposa, mpaka sisitereyo adadabwa, nafunsa chimene Thérèse ankamkondera chotere. Palibe chimodzi mwa izi chimene chingalembedwe mu nyuzipepala, koma pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo iye adautola mtolowo zaka 9 osapumula.

Kuyambira mu 1893, pamene Pauline adasankhidwa kukhala mayi wamkulu, Thérèse adapatsidwa ntchito yothandiza kuphunzitsa atsikana olowa kumene. Pamenepo padaoneka kuti kufatsa kwake sikudali kugona: ankawauza zoona ngakhale zowawa, osafuna kuti amkonde chifukwa chowanyengerera. Komabe mumtima mwake mudali chilakolako chimene mpanda sukadachikwana. Ankafuna kukhala mmishonale, wansembe, mphunzitsi wa Mpingo ndi wofera chikhulupiriro, zonse pamodzi. Mu 1896, powerenga mutu 12 ndi 13 wa kalata yoyamba ya Paulo kwa Akorinto, pomwe Mpingo ukufanizidwa ndi thupi la ziwalo zambiri, adapeza yankho lake. Adaganiza kuti ngati Mpingo uli ndi manja ndi mapazi, uyeneranso kukhala ndi mtima, ndipo mtimawo ukaleka kugunda, manja ndi mapazi omwe adzaima. Malo ake adawapeza mu mtimamo. Apa ndiye pagona tanthauzo la moyo wa mu mpanda monga momwe eni ake amaumvera: mtima suoneka, sugwira khasu, suyenda ulendo, koma palibe amene amati ndi chiwalo chaulesi.

Pali mbali ina ya mbiri imeneyi yokhudza dziko la Malawi. Mu Okutobala 1895 mnyamata wina wophunzira unsembe, dzina lake Maurice Bellière, adalembera ku Karmeli ya ku Lisieux kupempha kuti sisitere mmodzi azimpempherera, pakuti ankaopa kuti alephera. Mayi wamkulu adasankha Thérèse. Chaka chotsatira adampatsanso wina, Adolphe Roulland, amene adapita ku China. Thérèse ndi Maurice sadaonanepo, koma adalemberana makalata, ndipo ankatchulana mlongo. Mnyamatayo adali wosakhazikika mtima ndi wovutika ndi zolakwa zake zakale. Thérèse, amene pa nthawiyo adali akudwala kale, ankamlimbikitsa kuti asayang'ane kufooka kwake, koma chifundo cha Mulungu. Adamsiyiranso kamtanda kake. Pa 29 Sepitembala 1897 Maurice adakwera chombo ku Marseille kupita ku Algiers kukalowa chipani cha White Fathers, ndipo mawa lake mlongo wakeyo adamwalira.

Atadzozedwa unsembe mu 1901, Bambo Bellière adatumizidwa ku Nyasaland mu 1902, chaka chimene a White Fathers adatsegula mishoni za Chiwamba ndi Mua. Adagwira ntchito ku Chiwamba ndi ku Likuni, m'dera la Lilongwe. Mbiri yawo sidathe mokoma: patapita zaka zitatu adachoka, atafooka ndi matenda ndiponso atasemphana ndi akuluakulu awo, ndipo mu 1907 adamwalira ku Caen, m'chipatala chomwe chija cha Bon Sauveur m'mene mudagonapo bambo ake a Thérèse. Motero mmodzi mwa ansembe oyamba kufika pakati pa Achewa a ku Lilongwe adali munthu amene adachirikizidwa ndi mapemphero ndi makalata a mtsikana wa mu mpanda, ndipo sadali ngwazi, koma munthu wofooka wa mtundu womwe uja Thérèse adati adadzera.

Matenda a Thérèse adadziwika usiku wa Lachinayi Loyera, mu Epulo 1896, pamene adasanza magazi. Pa masiku amenewo chifuwa chachikulu chidalibe mankhwala ochiza. Koma chimene chidamsautsa koposa sichidali cha thupi. Patangopita masiku ochepa, chikhulupiriro chake cha moyo wosatha, chimene kuyambira ubwana chidali chowala ngati dzuwa, chidaphimbika ndi mdima. Maganizo ankamuuza kuti kutsidya kwa imfa kulibe kanthu. Kwa munthu amene adasiya zonse chifukwa cha kumwamba, palibe yesero loposa limeneli, pakuti ngati kumwamba kulibe, ndiye kuti anthu onong'ona aja adanena zoona, ndipo misozi ya bambo ake idapita pachabe. Mdimawo udakhala miyezi 18, mpaka imfa. Iye sadauthawe ndipo sadaleke kupemphera. Adati tsopano wamvetsa kuti alipodi anthu osakhulupirira, nawatcha abale ake, navomera kukhala nawo mu mdima womwewo kuti iwo adzaone kuwala. Masisitere ambiri sadadziwe kanthu, chifukwa ankamuona akuseka ndi kuseketsa anzake ngakhale ali pa bedi la odwala, kumene adamsamutsira mu Julayi 1897. Adamwalira madzulo a pa 30 Sepitembala 1897, ndipo anthu amene adaperekeza maliro ake adali owerengeka.

Kalata ija imene ankati idzasowa cholemba sidalembedwe monga mwa mwambo. Polamulidwa ndi akuluakulu ake, Thérèse adali atalemba m'makope za ubwana wake ndi za moyo wake wa ku Karmeli. Zolembazo adazisonkhanitsa, nazisindikiza mu 1898 ngati buku lotchedwa Histoire d'une âme, ndiye kuti mbiri ya mzimu wa munthu mmodzi. Adasindikiza mabuku 2,000, ena akukayika ngati adzatha. Adatha msanga, ndipo bukulo lidamasuliridwa m'zinenero zambiri. Papa Pius XI adamlengeza woyera pa 17 Meyi 1925, ndipo mu 1927 adamuika kukhala nkhoswe ya mishoni zonse pamodzi ndi Francis Xavier, munthu amene adayenda mpaka ku India ndi ku Japan. Woyenda maiko ndi wokhala mu mpanda adawaika pa mpando umodzi. Mu 1997 Papa John Paul II adamtcha Mphunzitsi wa Mpingo, ndipo mu 2015 Papa Francis adalengeza makolo ake onse awiri kukhala oyera. Ku Malawi dzina lake lili pa chipani cha masisitere a Tereza, chimene Episikopi Mathurin Guillemé adayambitsa mu 1929, ndipo moyo wa mu mpanda womwewo ukupezeka ku Lilongwe, kumene kuli nyumba ya masisitere a Klara Woyera.

Ulemu wonsewu usaiwalitse chinthu chimodzi: Thérèse mwini sadauone. Adafa osadziwa kuti makope ake adzafika kutali chotere, osadziwanso kumene Maurice adzathere. Ndiponso pa sisitere mmodzi amene mbiri yake yamveka, alipo zikwi amene adalowa mu mpanda, nasesa, nachapa, napemphera, nafa, dzina lawo osatuluka pa chipata. Phindu la moyo wawo silingayezedwe pa sikelo monga chimanga, ndipo munthu wosakhulupirira pemphero ali ndi ufulu wokayika. Koma ngakhale wokayikayo angavomere ichi: kukhala ndi anthu ovuta osawabwezera, kugwira ntchito yonyozeka osadikira kuyamikidwa, ndi kusunga lumbiro pamene mtima wauma, ndi ntchito yolemetsa, ndipo si ya masisitere okha. Amaidziwa mayi amene akusamala apongozi ake odwala, amaidziwa mnyamata amene akulera ana a malemu mkulu wake. Sisitere uja amene adati palibe cholemba adakhala ndi Thérèse nyumba imodzi zaka 9, akudya naye ndi kupemphera naye, koma sadamuone. Nzosadabwitsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.